Agide akapatsidwa okestra, atsogolere ndani?

Abale anga a kunyanja, a ku Malembo kwathu, Msaka, Chembe, Chipoka mpaka Senga Bay, ndabweranso. Ya lero si ya mitengo ya usipa ayi, ndi ya nyimbo, ndipo ndi yaitali, pepanitu. Amene muli pamadzi usiku uno mudzawerenga mawa mukamayanika.

Nkhani inayambira pa shopu yometera pano pa Kasinje, pomwe timatchajitsa mafoni. Tinalipo anthu asanu. Aphunzitsi ena a kupulayimale, amene amakonda kutionetsa zakunja, anatulutsa foni n'kutiikira vidiyo ya mayi wa ku Benin uja, Angélique Kidjo. Mayiyo akuyimba, kumbuyo kwake kuli chikhamu cha anthu ovala zakuda, aliyense ndi chida chake, mavayolini ali ndandanda ngati chimanga cha m'mizere. Aphunzitsi aja akuti, "Mwauona ulemu umenewo? Izi n'zimene tikanawachitira Agide. Munthu wayimba zaka zonsezi ndi kagitala kamodzi, bwanji osawapatsa okestra tsiku limodzi nawonso amve kukoma?" Wometa uja, makina ali m'manja, mutu wa mwana wa eni ake uli theka, akuti, "Aphunzitsi, mukufuna muwaphe madala? Agide ndi gitala yawo basi. Zinazo n'za azungu."

Anakangana mpaka magetsi anazima, mwana uja anapita kwawo ndi mutu wa theka womwewo. Ine sindinayankhe kanthu. Koma nkhaniyi yandiyenda m'mutu sabata yonse, pa lole popita ku Golomoti, pobwera ndi madengu, ngakhale pogona. Yankho langa ndi ili: aphunzitsi akunena zoona kuti okestra ikhoza kuwakweza madala athu, wometa akunenanso zoona kuti ikhoza kuwapha. Chimene onse awiri sanafunse n'chakuti, pa sitejipo atsogolere ndani?

Poyamba timvane kaye kuti okestra n'chiyani, chifukwa ena akuganiza kuti ndi bandi yaikulu chabe. Okestra yathunthu imakhala ndi anthu 70, 80, nthawi zina kufika 100. Ambiri mwa iwo amakhala a zida za nsambo zokwecha ndi uta, kuyambira vayolini kufika pa chimbesi chachikulu chotalika ngati munthu. Kenako pali a zitoliro, a malipenga, ndi a ng'oma kumbuyo kwenikweni. Anthu onsewa sayimba za m'mutu. Aliyense ali ndi pepala kutsogolo kwake, ngati mmene amachitira a kwaya ndi solofa, ndipo pepalalo limamuuza pomwe alowe, pomwe akhale chete, ndi kuti awerenge mabiti angati asanalowenso. Kutsogolo kumaima munthu ndi kandodo, amene amamutchula kuti kondakitala. Si wa minibasi uja ayi, koma ntchito ndi yofananako: iyeyo ndiye amanena kuti tinyamuke, tiime, tithamange. Ndipo shoo isanachitike pamakhala munthu wina amene wakhala pansi masabata kulemba gawo la chida chilichonse. Nyimbo ikalembedwa choncho, kiyi yake yakhazikika, kutalika kwake kwakhazikika, ndipo kusintha pakati pa shoo n'kovuta zedi.

Tsopano taganizirani za Agide. Bambo Giddes Chalamanda anabadwa mu 1930 ku Chiradzulu. Moyo wawo wonse akhala akuyimba iwo eni n'kudziyimbira gitala iwo eni. Munthu wotero wotchi yake imakhala m'thupi mwake. Tamvetserani bwino nyimbo zawo zakale, kapena za wina aliyense wa gitala kapena banjo wa m'badwo umenewo. Mzere wina amaukoka, wina amaudula. Akafuna kupuma amangokhwatcha gitala kawiri katatu mpaka mpweya ubwerere, kenako n'kulowa. Anthu akaseka, amadikira amalize kuseka. Gitala yomweyo amaichuna ndi khutu, molingana ndi pomwe mawu awo ali tsiku limenelo. Kwa munthu wa sukulu ya nyimbo zimenezi zimaoneka ngati zolakwika. Kwa ife amene tinakula nazo, nyimboyo ndi imeneyo.

Ndiye muikeni munthu wotere kutsogolo kwa anthu 60 amene akuwerenga pepala. Pepala likuti pakatha mabiti asanu ndi atatu woyimba alowe. Madala alowa pa khumi chifukwa aona mayi wina akuvina bwino ndipo amafuna amuonerere pang'ono. Zikatero wina ayenera kugonja.

Izi sindikuzinena za m'buku ayi. Ndinaziona ndi maso chaka chatha pa ukwati m'mudzi wina kuseri kwa Kasinje konkuno. Panalibe okestra, koma panali mdzukulu wake wa okestra, kiyibodi. Mukuidziwa ija ya mabatani, ukadina pena imalira ngati mavayolini makumi awiri, ukadina pena imadziyimbira yokha ng'oma. Eni ukwati anachita hayala mnyamata wa kiyibodi ndi masipika. Ndiye panali madala ena, amalume ake a mkwatibwi, odziwika m'dera lonselo ndi banjo yawo ya chigubu, nsambo zake za waya wa buleki ya njinga. Anthu anati nawonso ayimbe. Mnyamata uja, pofuna kuwathandiza, anadina biti, n'kuikanso mavayolini aja. Poyamba zinamveka bwino, anthu mpaka anakuwa. Koma madala aja ali ndi chizolowezi: akafika pakati pa nyimbo amayamba kutchula anthu amene alipo, kuwaseka, kuwalangiza, ndipo pamenepo amayenda pang'onopang'ono. Makina sanadikire. Biti inapita, madala anatsala. Anayesa kuithamangira, mawu anasokonekera, anaiwala mzere. Anyamata oledzera kumbuyo anayamba kukuwa kuti, "Atha awa! Atsike!" Madala anasiya nyimbo pakati, analowetsa banjo m'thumba la feteleza lomwe anabwera nalo, n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango.

Ndikuuzeni zoona, inenso ndinaseka nawo. Mpaka lero zimandiwawa. Madala aja sanathe ayi. Tinangowamangirira ku chinthu chosamva.

Usiku umenewo ndinakumbuka bambo anga. Inu a kunyanja mukudziwa mmene chilimira chimayendera. Boti lalikulu lili ndi injini, lili ndi alovi amphamvu, ukonde ndi wa ndalama zambirimbiri. Koma amene amalamula ndi munthu mmodzi amene wakhala m'kabwato kakang'ono ndi nyali, siginala. Bambo anga anakhala siginala zaka zambiri, kuyambira nthawi ya nyali za parafini zopopa zija kufikira pamene anthu anayamba mababu a batire. Mphamvu zokoka ukonde zinali zitawathera kalekale, koma maso ndi makutu ayi. Ankadziwa kuti usipa wakwera kapena ukadali pansi, ankadziwa mwera ukamabwera anyamata asanamve kanthu. Alovi akapupuluma n'kuponya iwo asananene, ankakoka madzi okhaokha, mafuta a injini n'kupita pachabe. Palibe mwini boti wanzeru amene ankauza siginala kuti, fulumira, injini ikudikira. Injini ndiyo inkadikira siginala. Ndipo pogawana ndalama, gawo la siginala linkaposa la mlovi, popanda wodandaula.

Woyimba wachikulire ndi siginala ameneyo. Okestra ndi boti la injini. Ngati kondakitala maso ake ali pa pepala, madala amira. Ngati maso ake ali pakamwa pa madala ndi pa dzanja lawo, ndipo anthu 60 aja aphunzitsidwa kudikira, pamenepo ndiye mudzamva zinthu zimene simunazimvepo.

Chifukwa kunena chilungamo, wometa uja naye anachita changu kukana. Pali zimene okestra imachitira woyimba wokalamba zomwe gitala imodzi singathe. Munthu akakula mawu amatsika, mpweya umafupika. Mzere umene ali mnyamata ankaukoka mpaka mapeto, pano amaudula pakati. Gitala ukaikhwatcha, kulira kwake kumazima msanga, ndiye mpata umene watsalawo umaonekera, anthu n'kumati madala atopa. Koma vayolini imatha kugwira liwu limodzi nthawi yaitali osaduka. Madala akasiya mzere, mavayolini amaunyamula n'kukautula pomwe unkapita. Kutopa kuja sikumvekanso ngati kutopa, kumamveka ngati munthu akuganiza. Wolemba wanzeru amatsitsanso kiyi kuti igwirizane ndi mawu a lero a woyimbayo, osati a zaka 40 zapitazo. Ndipo mawu okalamba, okhakhala aja, akakhala pamwamba pa zinthu zosalala, m'pamene amamveka kulemera kwake. Mayi Kidjo aja chimbale chawo ndi okestra ya ku Luxembourg chinatuluka mu 2015, n'kupata Grammy chaka chotsatira. Si zamasewera.

Chinanso chimene chimasintha ndi makutu athu ife omvera. Tinene zoona, ku shoo timapita kukavina, kukamwa, kukaonana ndi anthu. Mawu a nyimbo timawadziwa pakamwa koma sitiwamva. Soja Lucius Banda, wa pompano pa Balaka, tinamuvina zaka 30, kuyambira chimbale chake choyamba cha 1994. Atamwalira pa 30 June 2024, mawailesi akuika nyimbo zake usana ndi usiku ife tili chete, ndi pamene ambiri tinamva koyamba zimene munthu uja ankanena. Ine ndinali pano pamsika, dengu lili patsogolo, nyimbo imene ndaivina kambirimbiri inandigwetsa misozi ngati ndikuimva koyamba. Okestra imachita zofanana ndi zimenezo munthu akadali moyo. Imakukhazika pansi. Imachotsa chibesi chogunda pachifuwa chija, n'kusiya mawu poyera. Zimene imfa inatichitira pa Soja, bwenzi titazichita tokha iye ali pa siteji akutiona.

Koma kukhala pansi komweko ndi kumene kukundiopsa, ndipo apa ndiye ndikufuna anyamata a kunyanja mumvetsere.

Shoo ya okestra siyingachitike paliponse. Vayolini ndi chida chosachedwa kudwala, sichifuna dzuwa, chinyezi kapena fumbi, ndipo kulira kwake n'kochepa moti jenereta ikakhala pafupi yachimeza. Ndiye zoterezi zimathamangira m'maholo, ku BICC ku Lilongwe kapena m'mahotela a ku Blantyre. Werengani nokha: anthu 40 kapena 60, aliyense adye, agone, ayende, alipidwe masiku onse okonzekera, kuwonjezera wolemba uja ndi kondakitala. Ndalama imeneyo ichokera kuti ngati si pakhomo? Tikiti yake idzakhala ya ndowa zingati za usipa? Amene adzakhale m'mipando yakutsogolo ndi mabwana a m'mabanki ndi akazi awo, anthu amene Agide ankayimba m'misika ndi m'mabala iwo akudutsa pagalimoto magalasi atakweza. Ife amene tinkaponya makobidi m'chipewa tidzaonera pa foni, tizidutswa ta masekondi 30, bandulo ikalola.

Ndipo ngakhale utalowa, shooyo si ija ukuidziwa. Kwathu kuno nyimbo ikakukhudza umanyamuka, umavina kupita kutsogolo, umakamufupa woyimba, iye amakutchula dzina kapena mudzi wako, anthu amakuwa. Amayi amaimba nthungululu pakati pa nyimbo, sadikira ithe. Ukakuwa kuti "Ibwerezedwe!" imabwerezedwadi. Ukapempha nyimbo ya 1975 imene palibe anaikonzekera, madala amaseka, amakanda m'mutu, n'kuiyamba. Ku okestra zimenezo kulibe. Ngati analemba nyimbo 14, ya 15 kulibe, ngakhale mutalira. Kutsogolo kuli mawaya ndi timatebulo ta mapepala, ndipo pali munthu wa suti amene ntchito yake ndi kukubweza. M'manja mumaomba nyimbo ikatha. Ena amati umenewo ndiye ulemu. Ine ndimaona ngati woyimba wachotsedwa pakati pa abale ake n'kuikidwa m'galasi. Munthu ngati Agide theka la shoo yake ndi anthu. Mukawakhazika anthuwo chete, mwamulanda chida chimodzi.

Palinso nyimbo zina zimene mphamvu yake ili pa kuchepa kwake. Ladysmith Black Mambazo, a ku South Africa aja a malemu Joseph Shabalala, amayimba ndi pakamwa pokha, popanda chida. Mu 2005 anatulutsa chimbale ndi English Chamber Orchestra. Ndinachimvera kwa mlamu wanga amene anabwera nacho kuchokera ku Joni. N'chokongola, sindikana. Koma ine chimene ndimawakondera anthu aja ndi kachetechete kaja kamene kamakhala pakati pa mawu, pomwe umamva kupuma kwawo ndi mapazi akuponda pang'onopang'ono. Mavayolini atalowa anadzaza mipata yonse ija. Zinali ngati munthu wathira shuga mu chambo chowotcha. Ena chimawakomera, ndi makutu awo. Ine ndinabwerera ku zakale zija.

Ndiye wolemba gawo la okestra ayenera kukhala munthu wodziwa kusiya. Apa ndimuyamikire Patience Namadingo. Mu 2020, Agide ali ndi zaka 90, anakhala nawo pansi n'kujambula nyimbo zawo zija motsatizana pa biti ya rege. Sinali okestra, koma funso linali lomweli: mnyamata wa zida zamakono akumana ndi madala a gitala, agonje ndani? Mmene ndimamvera ine, Namadingo anawasiyira bwalo. Sanawapikisane, sanawakonze katchulidwe, anangowayalira mphasa. Zotsatira zake mukuzidziwa, Linny Hoo inazungulira dziko lonse, pa TikTok anaionera maulendo oposa 80 miliyoni, anthu a ku Asia ndi ku Ulaya akuvina mawu amene sakuwamva n'komwe. Edgar ndi Davis nawonso anayenda nawo madalawa zaka zambiri, mpaka mu 2016 anakafika nawo ku America, dziko limene Agide ankalilota mu Buffalo Soldier. Anthu amenewa anaphunzira kuyenda pa liwiro la madala. Wina aliyense amene akufuna kubweretsa mavayolini ayambe wakawafunsa iwowa kuti zimatheka bwanji.

Za kuti okestra n'za azungu, wometa mnzanga, pamenepo ndiye ndikukana. Ife a kunyanja tisamanene zimenezo n'komwe. Malipenga a ku Nkhata Bay anachokera kuti? Agogo athu anaona mabandi a asilikali a King's African Rifles, anabwera kumudzi, anatenga zikho n'kupanga malipenga awoawo, lero ndi gule wathu ndipo palibe amati ndi wa azungu. Beni wa ku Mangochi dzina lomwelo linachokera ku bandi. Gitala imene tikuti ndi ya Agide inabweranso pa sitima. Makolo athu nthawi ya Kamuzu ankamvera Police Orchestra, Army Strings Band ndi MBC Band pa wailesi, magitala ndi malipenga pamodzi. Alleluya Band inayamba mu 1978 pa Balaka pomwepa, pa parishi, n'kusintha kamvekedwe ka nyimbo za dziko lonse. Chida chilichonse chikafika kuno timachipinda mpaka chiyankhule Chichewa. Vuto si kumene chida chachokera. Ndipo vayolini tili nayo yathu kalekale, kaligo, ka nsambo imodzi kokwecha ndi uta. Ana ambiri a masiku ano sanakaonepo.

N'chifukwa chake ine okestra imene ndikuilota si ya anthu 80 ovala ngati akupita kumaliro. Ndi ya anthu 20 kapena 25. Mavayolini ochepa a ana amene akuphunzira nyimbo ku Music Crossroads ku Lilongwe kapena ku yunivesite ku Zomba. Malipenga anayi a kupolisi kapena kwa asilikali. Kaligo pambali pa vayolini, tione ngati sizigwirizana. Babatoni m'malo mwa chimbesi chija, poti Madalitso Band yaonetsa kale kuti babatoni imodzi imavinitsa azungu ku Ulaya. Ulimba wa ku Nsanje, bangwe, visekese, ndi amayi asanu ndi atatu a kwaya amene amadziwa kuyankha nyimbo osayang'ana pepala. Gulu lotero limakwana mu basi imodzi. Likhoza kuyimba mu holo Lachisanu mabwana alipire, Lamlungu masana n'kukayimba pa mchenga ku Senga Bay kumene Soja ankachititsa Sand Music Festival, kapena pa bwalo la mpira pano pa Kasinje, pakhomo mtengo wa mbale imodzi ya usipa. Ndipo pakati pa shoo onse aja atsike, atsale madala okha ndi gitala yawo kwa mphindi 20, ayimbe chimene akufuna, tiwafupe, tiwapemphe zakale.

Wolemba manotsi asayambire mu ofesi. Apite kumudzi kwa madala, akhale pakhonde sabata, awajambule akuyimba nyimbo imodzi katatu pa masiku atatu. Adzaona kuti katatu konseko yatuluka mosiyana. Pomwe imasinthasintha paja alembepo kuti apa tidikire. Akatswiri a okestra amadziwa kuchita zimenezo, m'manotsi muli chizindikiro chouza onse kuti gwirani liwu limeneli mpaka kondakitala atatsitsa dzanja. Nkhani ndi yakuti afune.

Kulembako kuli ndi phindu lina limene aphunzitsi aja sanalitchule, koma kwa ine ndi lalikulu kuposa suti ndi magetsi a pa siteji. Allan Namoko anamwalira mu 1995. Chimene tatsala nacho ndi zojambula zakale zokhala ndi phokoso, ndipo mwana wofuna kuphunzira kakhwatchidwe kake ayenera kungoganizira. Za Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka zambiri zinasungika chifukwa munthu wa ku Vienna, Gerhard Kubik, anakumana nawo mu 1967 n'kuyamba kujambula ndi kulemba. Munthu wa ku Austria, abale. Ife tinali kuti? Nyimbo ikalembedwa bwino, ana a sukulu adzaiyimba zaka 50 zikubwerazi. Wambali Mkandawire anatisiya mu 2021, Soja mu 2024 ali ndi zaka 53 zokha. Timangoti tidzawachitira, tidzawachitira, kenako timakumana ku maliro ndi nkhata zamaluwa zodula kuposa ndalama imene tinawapatsapo ali moyo.

Ndatchula ndalama, ndimalize nazo. Shoo yotere ikachitika pamakhala makamera, pamakhala makampani oika zikwangwani zawo kumbuyo, vidiyo imakakhala pa YouTube zaka ndi zaka. Madala ambiri sadziwa kuti zimenezo ndi ndalama. Amapatsidwa suti yatsopano, envelopu, ndi chithunzi ali ndi nduna, basi abwerere kumudzi pa minibasi. Wokhwatcha vayolini wachitatu kumbuyo uko ali ndi pepala la mgwirizano, mwini nyimbo alibe. COSOMA ilipo chifukwa cha zimenezi. Mwana kapena mdzukulu wodziwa kuwerenga akhalepo posainirana, zilembedwe kuti nyimbo ndi ya ndani, vidiyo ndi ya ndani, ndipo chikalowa chigawidwa bwanji. Kunyanja gawo la siginala timagwirizana tisanakankhe boti, osati nsomba zitafika padoko.

Ndinayamba kukuuzani za ukwati uja koma sindinamalize. Dzuwa litapendeka, anyamata oledzera aja atapita kukasaka kwina, mayi ake a mkwatibwi anapita pansi pa mango paja, anagwada, n'kunena kuti, "Achimwene, mwana wanu apite kubanja osamva mawu anu?" Madala anakana kawiri, kachitatu anatulutsa banjo m'thumba muja. Mnyamata wa kiyibodi uja, kaya wina anamunong'oneza kaya anaganiza yekha, anazimitsa batani la biti. Anawasiya madala ayambe okha. Anakhala kanthawi akufufuza pansipansi pomwe banjo ija yachunidwa, chifukwa sinali pa kiyi iliyonse ya makina ake, mpaka anapotokola kena kake n'kuipeza. Kenako anangoika zala zitatu, mavayolini aja akulira chapansipansi, maso ake ali pa dzanja lamanzere la madala. Dzanja likasuntha, iye asunthe. Likaima, iye aime. Madala atafika pa malangizo paja anayenda pang'onopang'ono mmene amafunira, anatchula mkwatibwi dzina lake la paubwana, anatchula malemu bambo ake, ndipo liwu lija linangokhala pansi pawo osawakankha. Mkwatibwi analira mpaka zopakapaka zonse zinasungunuka. Amayi nthungululu, mbale yofupira inadzaza kawiri.

Atamaliza, madala anawerenga ndalama zija pa bondo, anapatula K2,000 n'kumupatsa mnyamata uja. Ine ndinali pafupi, ndikumanga dengu langa pa njinga. Ndinamva akumufunsa kuti, "Iwe, anthu aja amalira m'kati mwa chinthu chakochi alipo angati?" Mnyamata anati mwina makumi awiri. Madala anagwedeza mutu, akuti, "Uwauze kuti Loweruka likubwerali kuli chinkhoswe kutsidya kwa njanji. Abwere, koma wa ng'oma uja atsale."